Mafuta Amene Anathawitsa Mudzi

Uthenga unandipeza nditakhala pa benchi, mwendo wanga uli m'manja mwa adokotala. Ndinapita kuchipatala cha ku Nsambe ndi bala la khasu, ndipo adokotalawo, bambo wa kumpoto wolankhula Chichewa chopindapinda, ankandimanga bandeji. Anaweramitsa mutu ngati akuyang'ana mfundo, n'kunena chapansipansi:

"Agogo, mwana wanu akutuluka. Loweruka likubwerali ayi, linalo. Mlamu wanga amagwira ntchito kumeneko, waona dzina papepala. Musafuule."

Musafuule! Kauzeni mtsinje wa Lisungwi kuti uime mvula ili pakati. Nthungululu inanyamuka yokha m'mimba, ndinaitsekera ndi chitenje, iyo n'kutulukira m'mphuno. Anthu a pamzere anasuzumira pakhomo.

"Agogo awa mantha ngati khanda!" anatero adokotala mokweza. "Ndi sipiliti chabe, mayi, sipiliti!"

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, misozi ili chuchuchu, ndipo ndinatsika phiri ndikuimba, ndinakwera linalo ndikuimba, bala osalimva, minga osaimva.

Mwanayo ndi wanga wachisamba, mwamuna yekhayo mwa ana anga amene anakula. Anali telala, makina ake ali pakhonde la sitolo ku Lisungwi. Tsiku lina kunaima galimoto, anamuuza kuti akwere akangoyankha mawu awiri. Mawu awiriwo anatha zaka zinayi. Mlandu sanatiuze. Ena ankati anaseka posayenera kuseka, ena ankati anasokera malaya munthu wolakwika. Bwalo silinakhale, kalata sinabwere. Mkazi wake, amene tinamutenga chitengwa kuchokera ku Matope, anatsala ali ndi pakati. Mdzukulu wanga wamkazi anabadwa, anamera mano, anayamba kukalipira nkhuku, bambo wake asanamuone.

Masiku amenewo ndende sinkamanga munthu yekha, inkamanga ndi khomo lake lomwe. Njira yobwera kwathu inamera chisoso. Obwereka sefa anapeza sefa kwina. Kutchalitchi benchi yanga inali yotakasuka ngati ya abusa. Sindiwada anthu aja, ayi. Aliyense anali ndi ana ake owaopera.

Koma tsiku limene lija, ndikutsika phiri, zonsezo ndinaziiwala. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: mafuta.

Kwathu, ku mtundu wa amayi anga, munthu wochokera kutali salowa m'nyumba ndi fungo la kumene wachokera. Amayamba wakhala panja. Malume ake amamuthira madzi osamba, mayi ake amamudzoza mafuta a nsatsi osakaniza ndi khungwa lonunkhira, pachipumi, pachifuwa ndi kumapazi. Kenaka aliyense wobwera kudzasangalala amaviika chala m'nsupa, kumupaka mlendoyo pamkono, chotsalacho n'kudzipaka yekha kuseri kwa dzanja. Pamenepo ndiye kuti mlendo ndi mudzi akununkhira chimodzimodzi, sakhalanso mlendo. Malemu amuna anga atabwera kuchokera ku Joni, mafuta anatha dzuwa lisanafike pamutu. Mawa lake tchalitchi chonse chinkanunkhira, mpaka abusa anayetsemula pakati pa pemphero.

Mtengo wake uli m'chigwa, kuseri kwa phiri loyang'ana kumalire, pamene madzi amatuluka pansi pa mwala. Dzina lake la m'mabuku sindilidziwa. Amayi ankangoti mtengo wa alendo. Masamba ake kunsi n'kotuwa ngati awaza phulusa. Ukakanda khungwa ndi chikhadabo, fungo limakulonjera lokha: pang'ono ngati khoko la nachesi, pang'ono ngati nkhuni zabwino zikamayaka, pang'ono ngati dothi mvula yoyamba ikagwa.

Lamulo la amayi linali loti usende kakhungwa ka zala ziwiri m'lifupi, kutalika ngati chikhatho, mbali yotulukira dzuwa, ukatha umate balalo ndi dothi lonyowa kuti mtengo usadwale. Kamodzi kokha kamakwanira nsupa. Fungo lake limagona pakhungu tsiku limodzi, ukasamba ndi sopo mawa lake latha.

Ine ndinapita m'mamawa, ndinagwada, ndinasenda kamodzi. Ndinakayang'ana kali m'manja, kakang'ono, kopepuka. Ndinati, zaka zinayi kakhungwa kamodzi? Fungo la ndende la zaka zinayi lingathawe kanthu aka? Ndinasenda kachiwiri, ka chaka chimene mdzukulu anabadwa. Ndinasenda kachitatu, ka chaka chimene denga linadontha popanda wokwera. Ndinasenda kachinayi. Chaka chilichonse khungwa lake, chaka chilichonse khungwa lake, ndinkaimba choncho ndikumata dothi. Ndinkaona ngati ndachita zanzeru.

Makungwa ndinawayanika mumthunzi, pa lichero, chifukwa dzuwa limaba fungo. Atauma ndinawapera pamphero mpaka anasanduka ufa wofiirira. Apongozi anga, mkazi wa mwana wangayo, anakazinga nsatsi pa phale, tinasinja awiri, tinawiritsa, mafuta n'kuyandama pamwamba ngati maso a mphaka. Tinawayengula ndi nthenga, n'kuthiramo ufa uja akadali ofunda. Ufa wina ndinatapa n'kuwaza m'thobwa, mitsuko itatu, chifukwa khungwa lomweli limakometsa thobwa, limasiya kakutentha kabwino kukhosi.

Pofika tsiku lachitatu nsupa inkamveka munthu uli ku khola la mbuzi. Mphasa zinatenga fungo. Nsalu zathu zinatenga. Mdzukulu anatenga m'tsitsi. Ine n'kumanyadira.

Ndinayenda khomo ndi khomo, makomo amene sindinawapondeko zaka zinayi. "Odi kuno! Mwana akubwera Loweruka! Mubwere, mubwere nonse!" Anthu ankatuluka, nkhope zikuwala, ena ankandigwira dzanja ndi manja awiri. Kenaka ankanunkhiza m'manja mwawo, n'kufunsa motsitsa mawu:

"Kodi kudzakhala mafuta aja?"

"Eee! Ndipo a ulendo uno si amasewera. Mudzanunkhira sabata yathunthu!"

Ndinkayankha choncho ine, ndikuvina ndi mapewa, pakhomo lililonse. Sindinaone kuti nkhope zikuzima.

Amene ananditsegula maso ndi atcheyamani a chipani a m'dera lathu. Tinakumana panjira ya kuchigayo. Munthu ameneyu anakula ndi mwana wanga, ankaba limodzi mapichesi anga, ndipo ndinamukwapulapo kawiri. Anayang'ana kutsogolo, anayang'ana kumbuyo, n'kuvula chipewa.

"Mayi, ndamva. Ndakondwera, Mulungu akudziwa."

"Ndiye mubwere, bambo. Thobwa lilipo."

"Mayi, tamverani. Ine sindinaletse munthu. Koma Lolemba kuli msonkhano pabwalo la sukulu, kukubwera akuluakulu ochokera ku boma. Akadzandifunsa kuti anakavinira munthu uja ndani, ine ndidzati sindikudziwa. Koma nawonso ali ndi mphuno, mayi. Ndipo wowanong'oneza tanthauzo la fungolo sadzasowa."

Anavala chipewa n'kumapita, akupukuta dzanja pa buluku, chonsecho sindinamugwire n'komwe.

Ndinafika nazo kwa alamu anga, mlongo wa malemu amuna anga, mayi wamasiye wa pakamwa ngati lumo. Ndi iwo okha amene zaka zonse zija ankabwerabe kwathu, ati chifukwa fodya wanga wa m'mphuno ndi wabwino. Ndinawapeza akusankha mbatatesi ya mbewu.

"Inu alamu," anatero ndisanamalize, "mutu wanuwo ndi nsupanso? Anthu akanabwera. Akanadzera m'nthochi mmodzimmodzi, kumugwira dzanja, kumwa chikho, kupaka kachala, Lamulungu n'kusamba ndi sopo. Lolemba wina akafunsa, n'kuti ine ndinali kudimba. Pakamwa pamakana, alamu. Khungu silikana. Mwawauza nokha kuti sabata yathunthu!"

"Ndinkafuna kuti achoke fungo la kuja."

"Lichoka, musadandaule. Lichoka pamodzi ndi mudzi."

"Nanga nditani?"

Alamu anga, amene sasowa yankho ngakhale pamaliro, anangotembenuza mbatatesi m'manja. "Kaya," anatero.

Ndinayesa zimene ndikanatha. Tinayenga mafuta ena opanda khungwa n'kusungunulira, koma fungo linangoseka, nsupa ziwiri zonse zinanunkha chimodzimodzi. Ndinatulutsa mphasa padzuwa. Ndinaganiza zokakwirira nsupa kumunda, ndinafika potenga khasu. Apongozi anandiimitsa pakhomo, mwana ali kumbuyo.

"Amayi, mukakwirira nsupa, nanga nyumbayi muikwiriranso? Nanga ifeyo? Ndipo akalowa osadzola, tawalandira ngati ndani? Ngati wogulitsa nsomba?"

Ndinabweza khasu. Ndinayendanso makomo aja kachiwiri kukanena kuti bwerani chabe, mafuta musakhudze, thobwa musamwe, mudzangomuona ndi maso. Koma fungo linkanditsogolera. Ndisanati odi, zitseko zinali zitatsekedwa kale, utsi ukutuluka padenga.

Loweruka linafika. Tinasesa bwalo kawiri. Tinayala mphasa zisanu pansi pa mpichesi, mitsuko itatu ija pamthunzi, zikho zotsuka zili m'lichero. Lole ya mbatatesi yobwerera yopanda katundu inamutsitsa pamphambano dzuwa litakwera, ndipo anabwera wapansi, yekha, ka phukusi kali m'khwapa.

Ndinamudziwa ndi kayendedwe ka bambo ake, china chilichonse sichinali chake. Khosi linali ngati la nkhuku yonyowa. Mano akutsogolo atatu munalibe. Ndinathamanga, bala lija linang'ambikanso, ndinagwa m'miyendo mwake ndikuimba, wabwera, wabwera, amene anamudya wamulavula! Nthungululu ya ulendo uno sindinaitsekere ndi chitenje. Inagunda phiri n'kubwerera. Sipanamveke ina yoyankha.

Mkazi wake anagwada akulira. Kamwana kanabisala kuseri kwa mtsuko, kakumusuzumira ndi diso limodzi.

Womuthira madzi anayenera kukhala malume ake, mlongo wanga weniweni wobadwa naye bere limodzi. Tinadikira. Madzi anazizira, tinawatenthetsanso. Kenaka tinamuona pamtunda, pamzere wa bulugamu, ataima ndi jekete lake la kutchalitchi. Anavula chipewa, anachikweza m'mwamba, anaima choncho kanthawi. Kenaka anatembenuka.

Mwana wanga ananyamula yekha ndowa. Pakhomo la bafa anaima, manja ali m'mbali.

"Ndilowe?"

"Lowani, bambo, ndi kwanu kuno."

Patapita nthawi madzi anasiya kumveka, koma munthu osatuluka. Tinayang'anana ndi apongozi. Kenaka mawu anamveka kuseri kwa udzu:

"Ndatha. Ndituluke?"

Apongozi analuma chitenje.

Anakhala pamphasa, ine ndinatsegula nsupa. Ndinamudzoza pachipumi, pachifuwa pamene nthiti zinkawerengeka, ndi kumapazi kong'ambika. Khungu linkamwa mafuta ngati munda wa mu Okutobala. Mtima unabwerera m'malo pang'ono. Ndinati, mudzi usabwere, koma ichi chokha chamufika.

"Wamva, iwe?" ndinamufunsa, ulemu nditauiwala. "Wamva kununkhira kwa kwanu? Ndasenda kanayi, chaka chilichonse khungwa lake!"

Anakweza mkono, anauika pamphuno, anakoka mpweya nthawi yaitali. Anayesa mkono winawo.

"Amayi, pepani. Mphuno zinatseka chaka chachiwiri. Tinkagona ndi ndowa ya chimbudzi m'chipinda momwemo, anthu ambirimbiri. Mulungu anandichitira chifundo, anazitseka. Sindimva chilichonse."

Ndinakhala ndi nsupa m'manja. Ndikanatani? Nditseke? Ndithire ena? Ndinangomupakanso kumapazi, chifukwa manja ankafuna chochita.

Tinakhala. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Mphasa zinayi zinali zopanda munthu, nkhuku zikuyendapo. Kutsidya tinkaona anthu m'minda mwawo, ataweramira makasu, tsiku Loweruka masana, nthawi imene munthu salima. Mwana wanga maso ake anali panjira. Tsamba likagwedezeka ankawongola msana.

"Amayi, kodi kwagwa maliro kwina?"

"Ayi, kulibe maliro."

"Kapena sanamve kuti ndabwera?"

Bodza linali pafupi, koma lilime linakana kulinyamula. Ndinati, "Anamva, bambo. Ndinawauza ndine." Zinazo sindinathe. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu chimene sagula.

Lolemba tinapita kumsonkhano, chifukwa kujomba kunali mlandu wina. Pabwalo la sukulu anthu anatisiyira malo aakulu ngati tili ndi mphere. Alamu anga anakhala pafupi nane, akudzikupizira mphepo ndi dzanja lomwe anaviika m'nsupa yathu Loweruka lija, mwadala. Akuluakulu a ku boma analankhula za ulimi ndi za makadi a chipani, tinaomba m'manja, tinaimba, anakwera galimoto n'kumapita. Palibe ananunkhiza munthu. Palibe anatengedwa. Mwezi usanathe adokotala aja anawasamutsira kutali, koma ngati chinali chifukwa cha ife kapena inali nthawi yawo chabe, sindidziwa mpaka lero.

Ndinkati, msonkhano wadutsa, tsopano abwera. Koma manyazi ndi oipa kuposa mantha, chifukwa mantha amatha msonkhano ukatha. Munthu amene sanabwere Loweruka akanabwera Lachiwiri ndi nkhope yanji? Ankamulonjera panjira, "Mwaswera bwanji?" ngati anaonana dzulo, n'kufulumira. Tinakatenga makina ake ku Lisungwi, anawaika pakhonde, anawathira mafuta. Anasoka diresi la mwana wake. Anasoka bulauzi ya mkazi wake. Anasoka zigamba pa zinthu zanga zonse, ndi zosang'ambika zomwe. Nsalu ya munthu wakunja sinabwere ngakhale imodzi.

Titakolola anandikhalira pansi. "Amayi, apongozi anga ku Matope atipatsa malo. Kumeneko anthu sanandilakwire kanthu, ndiye sandithawa." Mwana amene tinamutengera mkazi chitengwa kuti akalambire pakhomo panga anapita kukakhala mkamwini kuchigwa kotentha. Makina anawamanga pa njinga. Mdzukulu anandibayibitsa ndi manja onse awiri, akuganiza kuti akupita kukaona mtsinje chabe.

Ndikanasenda kamodzi, kodi akanabwera? Alamu anga anamwalira akunena kuti eya. Mwana wanga amati ayi, amayi, mudzi unali utachita kale mantha, khungwa lisakusowetseni tulo. Ine sindidziwa. Ndinafunsa abusa, anandiwerengera vesi la nkhani ina.

Koma Loweruka la kubwera kwake lija silinapite lopanda anthu, ayi, ndipo ndisanaike pensulo pansi ndiwatchule. Mayina awo enieni dzanja langa likukanabe kuwalemba, linazolowera masiku aja. Ndiwatchula mmene mtima umawaitanira.

Anabwera alamu anga a pakamwa ngati lumo, anaviika zala zonse zisanu, anapaka mwana wa mchimwene wawo mpaka m'makutu, n'kunena kuti, "Mano mwasiya kuja mwachita bwino, nyama kuno kulibe." Mwana wanga anaseka, kuseka kwake koyamba.

Anabwera amake a apongozi anga, sewere wanga, wapansi kuchokera ku Matope, masiku awiri panjira, nsomba zouma zili pamutu, mapazi atatupa ngati maungu. Lululu kwa iwo!

Inabwera nkhalamba yosoka madengu ya kutsidya kwa mtsinje, ndodo patsogolo, inati, "Ine akanditenga akandidyetsa ndi iwowo, bwerani nayo nsupayo." Inamwa zikho zinayi.

Anabwera mayi wina wachilendo wogulitsa miphika, amene sankadziwa kanthu, anangomva nthungululu n'kupatuka. Tinamuuza zonse, sitinamubisire. Anatula mtolo, anaganiza, anaviika chala.

Anabwera adokotala a kumpoto pa njinga, kope lili m'manja, akufuula kuti akuyendera zimbudzi za m'mudzi. Anasuzumira chimbudzi chathu, analemba, kenaka anagwada pamphasa n'kuti, "Ine ndimanunkha sipiliti kale, agogo, palibe adzamve." Anapaka mkono wa mwana wanga, anadzipaka kuseri kwa dzanja, maso atafiira.

Mlongo wanga wa pamzere wa bulugamu ndimuwerenge kapena ndisamuwerenge? Ndimuwerenga theka, chifukwa cha chipewa.

Ndipo kotsiriza, dzuwa litapendeka, kanatuluka kuseri kwa mtsuko kamdzukulu kanga, kanaviika dzanja lonse mpaka m'chigongono, kanamupaka pabondo bambo wake n'kufunsa kuti, "Inu ndinu ndani?"

Alamu, sewere, wa madengu, wa miphika, adokotala, theka la mlongo wanga, ndi kamwana. Amenewo, amenewo, amenewo ndiwo anabwera.